Kusula aphunzitsi a Chingerezi kunja kwa Malawi: khomo lake lili pati?

Ku Zomba aphunzitsi sasowa. Ku Chirunga kuli yunivesite imene ambiri timaitchulabe kuti Chanco, ku Domasi kuli koleji yosula aphunzitsi a sekondale pamodzi ndi Malawi Institute of Education komwe kumakonzedwa silabasi, ndipo likulu la MANEB lili mumzinda womwewu. Choncho si zachilendo kumva mphunzitsi wa Chingerezi amene wadya fumbi la choko zaka 10 akudzifunsa ngati luso lakelo sangakaligulitse kunja, osati pophunzitsa ana, koma posula aphunzitsi anzake. Ntchitoyo ilipo ndithu. Vuto ndi lakuti ambiri amagogoda pakhomo lolakwika, atanyamula mapepala amene mwini nyumba sakuwafuna.

Mawu akuti kusula aphunzitsi a Chingerezi akuphimba ntchito zitatu zosiyana. Pali amene amaphunzitsa pa makosi aafupi odziwika dziko lonse, monga CELTA ya Cambridge ndi CertTESOL ya Trinity College London. Pali amene amalembedwa pa mapulojekiti a maunduna a zamaphunziro kapena a mabungwe monga British Council ndi VSO, kuti aziyendera ndi kulangiza aphunzitsi amene ali kale pantchito. Ndiye pali alekichala a m'makoleji ndi m'mayunivesite, komwe chofunika ndi digiri ya masitazi kapena PhD. Njira yachitatuyi anthu a ku Chirunga akuidziwa kale. Ziwiri zinazo ndi zimene zimasokoneza, ndipo zonse zimafunsa funso limodzi: kodi ndani wodziwa ntchito amene anakhalapo kumbuyo kwa kalasi lanu, n'kuona mukuphunzitsa, n'kulemba kuti mwakhoza?

Wina anena kuti digiri ya zauphunzitsi ili nayo kale nthawi yokaphunzitsa pasukulu moyang'aniridwa. N'zoona. Koma Chingerezi chimene timaphunzitsa kuno chimaloza ku mayeso a MSCE: galamala, chimangirizo, kufupikitsa nkhani, mabuku a litilicha. Ophunzira athu akhala akumva Chingerezi m'maphunziro onse kuyambira Sitandade 5, ndipo zikavuta mphunzitsi amathawira ku Chichewa. Kalasi la ku Hanoi kapena ku Tashkent ndi lina. Muli akuluakulu 12, wina ndi dokotala, wina woyendetsa takisi, palibe chiyankhulo chimene inu ndi iwo mungathawireko, ndipo alipira ndalama zawo kuti aziyankhula, osati kuti akhoze mayeso a galamala. Amene sanaphunzitsepo kalasi lotere sangasule munthu woti akaliphunzitse.

CELTA, sitepe yoyamba

CELTA ndi kosi ya maola pafupifupi 120. Ochita tsiku lonse amaimaliza m'masabata 4 kapena 5, ochita pang'onopang'ono imawatengera miyezi ingapo. Mtima wake ndi maola 6 ophunzitsa ophunzira enieni, a magulu awiri osiyana msinkhu wa Chingerezi, wosula ali chete pakona ndi cholembera. Kawirikawiri maolawa amagawidwa m'maphunziro 8 a mphindi 45. Palinso maola 6 oonerera aphunzitsi odziwa ntchito, ndi zolemba 4 za mawu 750 mpaka 1,000 chilichonse. Cholemba chikalephera amakupatsani mwayi umodzi wochikonza. Zotsatira zimatuluka ngati Pass, Pass B, Pass A kapena Fail, ndipo ambiri amapeza Pass wamba, zomwe si zochititsa manyazi. Kuti akulandireni pamakhala kantchito kolemba ndi kucheza nanu, ndipo Chingerezi chanu chiyenera kufika pa C1 yapamwamba kapena C2 pa CEFR, muyeso wa luso la chiyankhulo womwe uli ndi masitepe 6 kuchokera pa A1. CertTESOL ya Trinity ndi yofanana nayo mphamvu: maola osachepera 130, maola 6 ophunzitsa, komanso kagawo kena komwe amakuphunzitsani chiyankhulo chimene simunachimvepo kuti mulawe zimene wophunzira amamva.

Malo apafupi odziwika ochitirako CELTA maso ndi maso ndi Johannesburg ndi Cape Town. Kuyambira 2020 Cambridge inalola kuti kosi yonse ichitike pa intaneti, ndipo satifiketi yake ndi yomweyo. Kwa wokhala ku Matawale kapena ku Chinamwali izi zimapulumutsa ndalama ya ulendo ndi malo ogona, koma zili ndi msampha wake. Phunziro loyesedwa silidikira kuti magetsi ayake. Pamafunika laputopu ya batire lolimba, malaini awiri a makampani osiyana kuti netiweki ya wina ikagwa mudumphire kwina, ndi bandulo yokwana kukhala pa Zoom maola ambiri tsiku lililonse. Sankhaninso senta imene nthawi yake ikufanana ndi yathu, monga za ku South Africa, kuti musamaphunzitse pakati pa usiku. Fizi imasiyana senta ndi senta, koma nthawi zambiri imapitirira mapaundi 1,000, yolipira m'ndalama zakunja. Ndi mmene ndalama zakunja zimasowera m'mabanki athu, komanso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pemphani invoisi msanga ndipo mupite nayo kubanki miyezi ingapo kosi isanayambe.

Pa Facebook pamadutsa zotsatsa za masatifiketi a TEFL (ophunzitsira Chingerezi ngati chiyankhulo chachilendo) a maola 120 pa mtengo wa thumba la feteleza kapena kucheperapo. Chikomekome cha nkuyu. Ambiri mwa amenewa ndi owerenga pawekha n'kuyankha mafunso osankha, popanda munthu wokuonani mukuphunzitsa. Angathandize kupeza ganyu yophunzitsa pa intaneti, koma pa njira yopita ku usuli sawerengedwa.

Zodabwitsa n'zakuti pa CELTA amene amavutika kwambiri nthawi zina ndi aphunzitsi akalekale. Zizolowezi zimene zimagwira ntchito m'kalasi la ana 90 ndi zomwe wosula amazilemba ndi inki yofiira. Mphunzitsi amafotokoza mphindi 15 osapuma, amabwereza yankho lililonse la wophunzira, kenako amafunsa kuti "Are we together?" gulu lonse n'kuvomera pamodzi, pamene theka silinamve kanthu. Pa CELTA funso lotere salilola kukhala umboni wakuti anthu amva. Mukaphunzitsa chiganizo chakuti "I used to live in Zomba", muyenera kufunsa timafunso toyesa tanthauzo: "Do I live in Zomba now?" Wophunzira akati inde, mwadziwa pomwepo kuti phunziro silinalowe.

Palinso nkhani ya katchulidwe. Chichewa chili ndi mavawelo 5, pamene Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu a mavawelo pafupifupi 20 mwa maliwu 44 onse. N'chifukwa chake hat, hut, heart ndi hurt kwa ambiri a ife zimamveka ngati liwu limodzi, ship ndi sheep chimodzimodzi, osanenanso za l ndi r. Palibe amene akufuna kuti muziyankhula ngati wobadwira ku London. Chofunika ndi kumva kusiyanako, kukutchula pofunika kutero, ndi kulemba mawu m'zizindikiro za fonetiki pabolodi mosakayika, chifukwa tsiku lina mudzakhala mukukonza ena pa zomwezi.

DELTA ndi zaka za pakati

CELTA imangokupangani mphunzitsi woyamba kumene m'dziko limeneli, ngakhale kwanu muli mkulu wa dipatimenti. Pambuyo pake pamafunika zaka zophunzitsa magulu osiyanasiyana: oyamba kumene, apakati, apamwamba, okonzekera IELTS (mayeso oyesa luso la Chingerezi odziwika dziko lonse), ofuna Chingerezi cha kuntchito. Zaka 5 zobwereza buku limodzi la Fomu 3 sizilemera ngati zaka 3 zosinthasintha magulu.

Kenako pamabwera DELTA, dipuloma ya Cambridge ya aphunzitsi odziwa kale ntchito, kapena DipTESOL ya Trinity. Pa muyeso wa maphunziro wa ku England CELTA ili pa sitepe 5, pamene DELTA ili pa 7, pofanana ndi masitazi. Ili ndi zigawo zitatu zimene mungachite padera. Choyamba ndi mayeso olemba, mapepala awiri a mphindi 90, mu Juni kapena Disembala. Chachitatu ndi cholemba chachitali cha mawu 4,000 mpaka 4,500 chokonza kosi ya gulu linalake la ophunzira. Chachiwiri ndiye chigayo chenicheni: maphunziro 4 oyesedwa, lililonse ndi cholemba chake cha mawu 2,000 mpaka 2,500 chofotokoza maziko a zimene mukuphunzitsa, ndipo limodzi mwa maphunzirowo limayesedwa ndi munthu wochokera kunja kwa senta amene sakukudziwani. Chigawo choyamba ndi chachitatu n'zotheka kuzikonzekera muli ku Zomba konkuno. Chachiwiri chimafuna kalasi la ophunzira oyenera ndi wokuyang'anirani wovomerezeka.

Anthu ambiri amathamangira masitazi poganiza kuti iposa zonse. Ku yunivesite ndi pa mapulojekiti a boma imathandizadi, ndipo mwayi wa sikolashipu ulipo. A.S. Hornby, amene analemba dikishonale ya Oxford ya ophunzira ija imapezeka m'masitafu rumu ambiri, anakhazikitsa thumba mu 1961 lomwe lakhala likulipirira aphunzitsi a Chingerezi a m'mayiko osauka masitazi ku UK. Palinso Chevening, sikolashipu ya boma la UK, yomwe imafuna zaka 2 zogwira ntchito, ndipo imakumangani kuti mubwerere kwanu kwa zaka 2 mukamaliza. Mfundo yomalizayi muiwerengere bwino ngati cholinga ndi kukagwira kunja. Koma masitazi yopanda gawo lophunzitsa moyesedwa siilowa m'malo mwa DELTA kwa amene akufuna kusula pa CELTA.

Kukhala wosula pa CELTA

Apa palibe fomu imene munthu amangolemba yekha n'kutumiza ku Cambridge. Senta yovomerezeka ndi imene imakusankhani n'kupereka dzina lanu, ndipo kawirikawiri imasankha mphunzitsi wake amene yamuona akugwira ntchito, wokhala ndi DELTA komanso zaka pafupifupi 5 kapena kuposa zophunzitsa magulu osiyanasiyana. Ndiye ngati mukusankha kokagwira ntchito mutatha DELTA, funsani kaye ngati sukuluyo imachititsa CELTA. Sukulu yolipira bwino koma yopanda kosiyi ikhoza kukusungani zaka zambiri osayandikira khomo.

Akakuvomerani mumakhala Trainer in Training. Mumatsatira kosi yonse ngati chithunzithunzi cha wosula wamkulu: kuonerera magawo ake, kenako kutsogolera ena mwa iwo iye akukuonani, kulemba ndemanga zanu pa phunziro lomwelo limene iye akulemba zake kuti mufananitse, kuchonga zolemba pambali pa iye, ndi kusunga zonsezi mufayilo imene woyesa adzaiwerenge. Mukadutsa mumayamba ngati wothandizira, Assistant Course Tutor, makosi oyambirira pa senta yomweyo, ndipo patapita makosi angapo mungadzakhale Main Course Tutor. Kosi iliyonse imakhala ndi osula osachepera awiri, wosula mmodzi sayang'anira ophunzira uphunzitsi oposa 6 pa nthawi yoyeserera, ndipo Cambridge imatumiza woyesa wake pa kosi iliyonse kudzaona ngati magiredi akuperekedwa mwachilungamo. Osula ambiri sakhala pa malipiro a pamwezi. Amalipidwa pa kosi, mwezi uno kuno, mwezi wamawa kwina, miyezi ina osapeza kanthu.

Luso lenileni la ntchitoyi limaonekera pa mphindi zokambirana phunziro likatha. Tiyerekeze kuti mayi wina wangophunzitsa kumene, ndipo malangizo ake a ntchito ya awiriawiri anali aatali moti ophunzira anangoyang'anana. Woyendera sukulu wachikale akanangowerenga mndandanda wa zolakwa 12. Wosula wabwino amakhala atalemba nthawi ndi mawu enieni: 10:14, malangizo a mawu oposa 60, mapepala agawidwa malangizo asanathe, maso onse apita papepala. Poyamba amamufunsa mayiyo kuti waona bwanji, chifukwa nthawi zambiri mwini wake amakhala wazindikira kale. Kenako amamuwerengera mawu ake aja n'kupempha gulu lonse kuti liwafupikitse kufika mawu 10. Amasankha zinthu ziwiri kapena zitatu zokha zoti akonze pa phunziro lotsatira. Ndipo ngati phunzirolo silinafike pa muyeso, amanena mosabisa, pakamwa ndi papepala. Apa ndi pamene ulemu wathu wachimalawi umatipweteka. Tinazolowera kuzungulira, kunena kuti "mwayesetsa ndithu" kwa munthu amene walephera, makamaka akakhala wamkulu kwa ife. Pa CELTA munthu amene akupita kolephera ayenera kuchenjezedwa molemba nthawi ikadalipo. Wosula akabisa chifukwa cha chisoni, wophunzirayo amadzadabwa pamapeto n'kukadandaula, ndipo mlandu umagwera wosulayo.

Pasipoti

Izi ziyenera kunenedwa poyera. Ngakhale Chingerezi ndi chiyankhulo cha boma kuno, mayiko ena samuwerengera Mmalawi ngati mwini chiyankhulocho. Viza ya E-2 ya ku South Korea yophunzitsira Chingerezi imaperekedwa kwenikweni kwa nzika za mayiko 7: America, Canada, UK, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Mndandanda wa boma la UK wa mayiko oyankhula Chingerezi ulibe dziko la mu Africa ngakhale limodzi. Aphunzitsi ambiri a Chingerezi padziko lapansi sanabadwe nacho, ndipo mabungwe monga TESOL International Association akhala akutsutsa tsankholi, koma ofesi ya viza siitsatira zimenezo. Nzeru ndi kufufuza lamulo la viza la dziko musanatumize kalata yofunsira ntchito, komanso kukhala ndi IELTS Academic ya 8 kapena kuposa m'thumba. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2 zokha, ndiye musalembe msanga kwambiri.

Msika umene Mmalawi ali ndi mphamvu ndi wa mu Africa momwe muno, ndipo ambiri amaunyoza chifukwa maso ali ku Dubai. Rwanda inasiya Chifalansa n'kuyamba kuphunzitsa m'Chingerezi mu 2008, yakhala ikulemba aphunzitsi ndi alangizi ochokera m'mayiko oyandikana nayo, ndipo mu 2022 inalandira aphunzitsi oposa 150 a ku Zimbabwe, ambiri opita m'makoleji osula aphunzitsi. South Sudan inasankha Chingerezi kukhala chiyankhulo cha boma mu 2011. Algeria inayamba kuphunzitsa Chingerezi kupulayimale mu 2022. Gabon ndi Togo analowa mu Commonwealth chaka chomwecho. Ndipo tsidya la nyanja ya Chilwa kuli Mozambique, imene inalowa mu Commonwealth mu 1995 ndipo yazunguliridwa ndi mayiko oyankhula Chingerezi. M'malo ambiri otere mphunzitsi ali ndi ana 80, buku limodzi pa ana 5, ndi Chingerezi chake chomwe chikutsimphina. Katswiri wochokera ku Europe amene anazolowera ophunzira 12 ndi pulojekita amafika ndi njira zimene zimafera pakhomo. Amene anaphunzitsapo pa CDSS ya kumudzi amadziwa kugawa gulu lalikulu popanda kusuntha madesiki, kupanga zipangizo ndi makatoni, ndi kugwiritsa ntchito chiyankhulo cha ana ngati mlatho. Zimenezi zilembedwe pa CV ndi manambala ake, osati kubisidwa. Kuphunzirako Chipwitikizi kapena Chifalansa kumawonjezera mwayi kuposa satifiketi ina yachisanu.

Ntchito ya pa pulojekiti ili ndi matenda amene tikuwadziwa kuchokera m'ma TDC athu, malo aja osulirako aphunzitsi amene ali kale pantchito. Akatswiri amasula gulu laling'ono, gululo limasula lina, linalo limakafikitsa kwa aphunzitsi, ndipo pofika pansi uthenga umakhala utasungunuka ngati shuga m'ndowa. Ena amabwera ku wekishopu chifukwa cha alawansi basi. Olemba ntchito amafuna munthu amene angafotokoze mmene angatsatirire aphunzitsi m'makalasi mwawo wekishopu itatha, ndi mmene angadziwire kuti china chasintha. Pofunsidwa mafunso a ntchito, yankho la funso limeneli limalemera kuposa dzina la yunivesite.

Zoyambira konkuno, ndi mapepala

Umboni wa usuli umayamba kusonkhanitsidwa munthu asanakwere ndege. Chaka ndi chaka ophunzira a ku Domasi ndi ku Chanco amabwera m'masukulu kudzayeserera. Ambiri timangowasiyira kalasi n'kukapuma. Pemphani kuti mukhale mlangizi wawo, muziwaonerera, muzisunga makope a ndemanga zanu. Tsogolerani gawo pa maphunziro a aphunzitsi a pa kilasita, musunge pulani yake ndi zimene anzanu analemba pomaliza, ahedi asayine kalata yotchula tsiku, mutu ndi chiwerengero cha anthu. Kukonzekeretsa anzanu mayeso a TKT a Cambridge oyesa chidziwitso cha kaphunzitsidwe, omwe gawo lililonse ndi mafunso 80 m'mphindi 80, ndi poyeserera pabwino. Makosi aafupi a usuli aliponso ku sukulu za ziyankhulo za International House ndi ku NILE, sukulu yosula aphunzitsi ya ku Norwich ku England, ndipo kuyankhula pa msonkhano wa mabungwe a aphunzitsi a Chingerezi monga Africa ELTA kapena IATEFL kumakudziwitsani kwa anthu amene amalemba ntchito.

Mapepala ndi amene amachedwetsa anthu ntchito itapezeka kale. Mudzafunika satifiketi yeniyeni ya digiri, thiransikiripiti yochokera kwa rejisitirala, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, yomwe mayiko ambiri amaifuna isanapitirire miyezi 6, ndi umboni wakuti ndinu mphunzitsi wolembetsedwa. Malawi ali m'pangano la Hague, choncho mayiko a m'panganoli amalandira chidindo cha apostille chotsimikiza kuti mapepala ndi enieni, pamene ena amafuna kuti mapepala adutse ku unduna wa zakunja ndi ku ofesi ya kazembe wawo, yomwe mwina ili ku Pretoria kapena ku Lusaka. South Africa imafuna kuti bungwe lake la SAQA liyese digiri yanu, ndipo ku UK ntchito yomweyo imagwiridwa ndi UK ENIC. Yalani mapepala onse patebulo n'kuyerekeza maina. Ngati pa MSCE pali dzina la agogo, pa digiri la bambo, pa pasipoti la kubanja, kapena l wasanduka r penapake, kalumbireni afidaviti kwa loya kapena kukhoti nthawi ikadalipo.

Amene ali pantchito ya boma apemphe tchuthi molemba ndipo adikire yankho lolemba, chifukwa kungochoka kumatengedwa ngati kuthawa ntchito ndipo kungawononge zaka zonse za penshoni. Pa kontirakiti onani ndalama imene adzakulipireni nayo, amene alipire tikiti, nyumba ndi chipatala, maola oima kutsogolo kwa gulu pa sabata, komanso ngati chilolezo chogwirira ntchito chikutchula ntchito imene mukukagwiradi. Ejenti wofuna kuti mulipire kaye kuti akupezereni malo, kapena wonena kuti mulowe ndi viza ya alendo zina zikakonzedwa mukafika, musiyeni. Pasipoti isachoke m'manja mwanu kupitirira masiku amene ofesi yoona za olowa ndi otuluka ikuifuna, ndipo kope yake ikhale ndi wachibale kuno kumudzi.